Kudzutsa Apple IIe ya m'galaja ndi kulondola komwe MECC inathera

Kumudzi ndinkakonza mawayilesi ndi ma TV, ndiye chinthu chakufa chikakhala ndi waya sindidutsa osaima. Pano ndimakhala kumpoto kwa Minneapolis, m'chigawo cha Minnesota ku America. Ndizilemba muno momwe ntchitoyi ikuyendera, mitengo yake ndi zophonya zanga zomwe, kuti wina asadzawotche zimene ndawotcha ine.

14 Sepitembala 2024: basela

Kuno nyengo yotentha ikamatha anthu amayala katundu wakale pakhomo pa galaja n'kumagulitsa, tingoti kaunjika wa pakhomo. Ndinatuluka m'mawa kukasaka njinga ya mwana wanga wamkazi wa zaka 9. Ndabwera ndi kompyuta ya Apple IIe, sikirini yake ya zilembo zobiriwira ndi ma drive awiri owerengera zimbale a Disk II. Ogulitsawo ndi mayi achikulire amene anaphunzitsa ku pulayimale mpaka kupuma. Anayambira pa $120, tinatherana pa $85, kenako anandisenzetsanso katoni ya zimbale ngati basela. Akuti zimangowadzazira malo.

Mayi akunyumba atandiona ndikutsitsa katunduyo anangofunsa kuti, "Bambo, njinga ija ndi imeneyi?"

Usiku uno ndawerenga za m'katonimo. Ma floppy, aja akuda ofewa a mainchesi 5.25, alipo 63, ma CD 4. Pa ma floppywo 41 ndi a MECC (Minnesota Educational Computing Consortium), bungwe la kuno limene linkapanga magemu ndi mapulogalamu ophunzitsira ana asukulu, koma a lebulo yosindikiza ndi 9 okha. Enawo analemba pamanja ndi bolopeni, zilembo zoongoka za aphunzitsi: Number Munchers, Word Munchers, Odell Lake, The Oregon Trail. Chimene chandigwira mtima n'chakuti dzina la mwini wake silofanana pa zimbale zonse. Pena Consortium, pena Corporation, pena zilembo zinayi zokha, ndipo pa CD yomaliza pali dzina la kampani ina.

Ndiye ntchito zili ziwiri. Yoyamba, kompyutayi iyake ndipo The Oregon Trail iseweredwe pofika pa 3 Disembala, tsiku limene gemuyi inaseweredwa koyamba mu 1971. Yachiwiri, ndipange chikwangwani cha pakhoma chosonyeza mbiri ya MECC, chimbale chilichonse chikhale pambali pa khadi la chaka chake.

21 Sepitembala: utsi

Zaka zonse ndakhala ndikuuza anyamata kuti chinthu chimene chagona zaka makumi usamachipatse moto usanachitsekule. Lero ine amene ndachita phuma. Ndabaya pulagi, yalira kamodzi, pamwamba pa sikirini patuluka "Apple //e", drive yoyamba yagogoda mutu wake kuti kwa kwa kwa ngati gogomole. Ndinayamba kudzitama. Patatha mphindi ngati khumi ndangomva phu! Utsi woyera uli tolotolo kuchokera kumbuyo, fungo ngati shuga wopserera wosakaniza ndi pepala, alamu ya utsi nayo yayamba kukuwa nyumba yonse. Kompyutayo imayakabe ngati palibe chachitika.

Chaphulika ndi capacitor ya X2 imene imasefa magetsi olowa m'bokosi la power supply. Chikhungwa chake cha pulasitiki chimang'aluka ndi ukalamba, chinyezi n'kulowa m'mapepala a m'kati. Bokosilo lili ndi ma rivet awiri kuwonjezera pa masikuluwu, ndiye ndawaboola ndi drill. Musanagwire m'kati dikirani, kenako yezani ma capacitor akuluakulu ndi mita, chifukwa amasunga moto ngakhale pulagi itazulidwa. Ndasintha ma X2 onse awiri, osati wophulika yekhayo, $6 pamodzi ndi zotumizira. Mita ikuwerenga mavoti 5.04 ndi 11.9, momwe ziyenera kukhalira. Fungo lidakalipo, ndipo ndauzidwa kuti ntchitoyi isamukire kuchipinda chapansi.

Amene mungatumiziridwe makina otere kwathu: a kuno ndi a magetsi a mavoti 120. Osawabaya pa soketi ya 230.

28 Sepitembala: RAM ndi kiyibodi

Mukadina Control, apulo wodzaza ndi Reset pamodzi, makinawa amadziyeza okha. Anga alemba RAM ndi manambala asanu ndi atatu, imodzi ili 1. Chip imodzi ya 4164 yafa. Ndazula, ndawotcherera soketi, ndaika ina. Ma chip ndi masoketi $14. Pozula ndinatenthetsa kwambiri mpaka kanjira kamodzi ka kopa kanamatuka, ndalumikiza ndi kawaya. Tsopano ikuti "System OK".

Potsuka kiyibodi ndaona chinthu. Mabatani ambiri akadali okhakhala ngati atsopano. Osalala, onyezimira ndi zala, ndi 1, 2, 3, 4, Y, N, Return, space bar ndi timivi tinayi. Makinawa sanalembepo makalata a muofesi. Moyo wake wonse ankayankha ana.

5 Okutobala: khadi loyamba ndalakwitsa

Foam board yopangira chikwangwani $9, makhadi ndi timatumba ta pulasitiki $7. Ndasanja zimbale malinga ndi chaka cha pa lebulo, ndipo pa khadi loyamba ndinalemba kuti "1973: kampani ya MECC iyamba." Ndang'amba. Sinali kampani.

Minnesota Educational Computing Consortium linali bungwe la boma. Nyumba ya malamulo ya Minnesota ndi imene inalikhazikitsa mu 1973 kuti masukulu a boma, makoleji ndi yunivesite azigawana makompyuta m'malo moti aliyense azigula zake. Nthawi imeneyo Minnesota kunali kuchimake kwa makompyuta akuluakulu: Control Data, Honeywell, UNIVAC, ndi fakitale ya IBM ku Rochester. Masukulu ozungulira Minneapolis ndi St. Paul anali atayamba kale kugawana kompyuta kudzera m'bungwe lawo la TIES. MECC inatenga nzeru yomweyo n'kuifalitsa chigawo chonse. Kompyuta inali imodzi, yaikulu, poyamba ya UNIVAC kenako CDC Cyber 73, ndipo sukulu ya kumidzi inkaiimbira foni n'kumacheza nayo pa teletype, makina otayipa papepala.

Mu 1978 bungweli linaitanitsa mitengo ya makompyuta ang'onoang'ono, Apple inapambana, ndipo oda yoyamba inali ya makina 500. Apple panthawiyo inali kakampani ka zaka ziwiri. Masukulu ankagula kudzera ku MECC pamtengo wotsika, mapulogalamu a pa kompyuta yaikulu ija n'kuyamba kusamutsidwira pa ma floppy, mpaka mu 1983 yaikuluyo anaizimitsa. Apple IIe yangayi inatuluka chaka chomwecho. Kenako mu 1984 liwu lomaliza la dzina linasintha kukhala Corporation: kampani yopanga phindu, koma mwini wake anali akadali boma.

Zimbale za Consortium ndili nazo ziwiri zokha. Zapita kumanzere kwenikweni kwa chikwangwani.

12 Okutobala: ndafufuta chimbale

Ili ndiye tsiku loipa, ndipo wolakwa ndine. Ndinazula lamba wa mawaya wa drive yoyamba kuti ndipukute khadi la controller limene limakhala mu slot 6. Pulagi ya lamba ameneyu ili ndi mabowo 20 ndipo ilibe chotchinga chilichonse; imalowa bwinobwino ngakhale mutaphonya mzere umodzi wa mapini. Ndinabwezera m'chimdima cha kuchipinda chapansi, osayatsa tochi. Nditayatsa makina ndinamva kafungo pang'ono, ndinazimitsa, ndinakonza pulagi, n'kuganiza kuti ndapulumuka.

Ndinaika Number Munchers yolemba pamanja. Yazungulira, yazungulira, zii. Ndinaiyesa mu drive yachiwiri, zii. Chimbale chimene m'mawa womwewo chinaonetsa chithunzi choyamba chinali chitafa.

Pulagi ikaphonya chonchi, moto wa mavoti 12 umalowa kumene sukuyenera ndipo umawotcha chip ya 74LS125 pa bolodi la m'kati mwa drive. Choipa chake n'chakuti drive yotere imatha kumazungulirabe ngati yabwino, koma mutu wake uli wotsekukira kulemba, ndiye chilichonse chimene mwaikamo imachipukuta. Mwayi wake chip imeneyi ili pa soketi. Paketi ya zisanu $5. Phunziro: mukangomva fungo, yesani drive ndi chimbale chachabechabe, osati chimene mukuchifuna. Ndapakanso penti yoyera pa pini yoyamba mbali zonse ziwiri.

Ndinakhala pansi mutu uli m'manja. Kenako ndinabwerera m'katoni muja, ndipo ndinapeza Number Munchers zina zitatu, zolemba dzanja lomwelo, zolembedwa nambala 2, 5 ndi 6. Ndinafufuta nambala 4.

Apa ndi pamene ndamvetsa chimene MECC inali. Makampani ena ankagulitsa bokosi limodzi, chimbale chimodzi, ndipo kukopera kunali kuba. MECC inkagulitsa umembala. Maofesi oyang'anira masukulu a m'dera ankalipira ndalama ya pachaka, n'kulandira zimbale zoyambirira pamodzi ndi chilolezo chokopera zochuluka momwe akufunira m'masukulu awo. Mphunzitsi wa makompyuta 12 ankapanga makope 12, china chikathiridwa juwisi n'kupanganso china. Masukulu a kunja kwa Minnesota anayamba kulowa nawo, ndalama zake n'kumalipirira mapulogalamu atsopano. Malebulo a bolopeniwa poyamba ndinkawayesa katundu wa chinyengo, ngati ma CD a pamsika aja. Ayi ndithu. Malonda enieni a MECC ndi amenewa, ndipo ndi amene andipulumutsa patatha zaka pafupifupi 40. Ndasintha pulani: pakati pa chikwangwani pakhala chimbale cha bolopeni chimene ndafufutachi, osati chosindikiza chokongola chija.

19 ndi 20 Okutobala: chuku

The Oregon Trail ndili nayo kawiri. Yosindikiza, ya nambala A-157, ikulira kuti tswii mu drive ndipo ikusiya zakuda pa mutu wowerengera. Yolemba pamanja ili ndi madontho oyera a chuku ooneka pa kabowo kaja. Galaja ya ku Minnesota imazizira koopsa kenako imachita chinyezi, chaka ndi chaka.

Ndayamba ndi ya chuku. Ndadula m'mphepete mwa jekete lake ndi lezala, ndasolola chimbale chenichenicho nditavala magolovesi, ndatsuka m'madzi ofunda pang'ono ndi dontho limodzi la sopo wa mbale, ndatsukuluza, ndayanika choimika usiku wonse. Osapukuta ndi nsalu. M'mawa ndachilowetsa m'jekete loyera la chimbale china chakufa. Mutu wa drive ndapukuta ndi isopropyl ya 91 ndi thonje la m'makutu, $4 zonse, ndipo muzipukuta mukangoyesa chimbale chakale chilichonse, apo ayi litsiro la china limakanda chinzake.

Sinawerengebe. Drive imayenera kuzungulira ka 300 pa mphindi, yanga imathamanga mopitirira. M'katoni munali pulogalamu ya Copy II Plus, imene ili ndi poyezera liwiro. Ndapotoza kasikuluwu ka pa bolodi lakumbuyo pang'onopang'ono mpaka nambala yakhazikika. Ndaikanso chimbale. Kwa kwa kwa, chete, kenako chizindikiro cha MECC. Ndinakuwa ndekhandekha kuchipinda chapansi.

Sindinasewere, ndikusungira tsiku lake. Ndangoona mndandanda wa opambana khumi. Mayina a makolo akale amene gemuyi imabwera nawo atsala atatu okha. Ena onse ndi a ana a m'kalasi mwa mayi aja, ena olemba molakwitsa, wina anangolemba zilembo zosamveka. Chimbalechi chimalemba pa icho chokha. Ndiye ndili ndi funso la tepi: ndikamata kampata ka m'mbali, zakalezi zitetezeka, koma mwana wanga sadzatha kusiyapo dzina lake.

Madzulo ndalemba khadi la 1971, limene likubwera MECC isanabadwe. Anyamata atatu a pa Carleton College ku Northfield, Don Rawitsch, Bill Heinemann ndi Paul Dillenberger, ankachita maphunziro oyeserera uphunzitsi ku Minneapolis ndipo ankagona nyumba imodzi. Rawitsch ankakonza gemu ya papepala yoti ana a giredi 8 aphunzire za ulendo wa ngolo wopita kumadzulo kwa America. Anzake awiriwo, a masamu, anati tiike pa kompyuta. Anailemba m'chinenero cha BASIC m'masabata awiri, pa teletype imene inkakhala m'kachipinda ka wosesa pa sukulu ya Bryant Junior High, ndipo pa 3 Disembala ana a pa Jordan Junior High anaisewera. Kunalibe chithunzi. Pofuna kuwombera nyama unkatayipa BANG, ndipo ukachedwa kapena kuphonya chilembo, unkagona ndi njala. Teremu itatha Rawitsch anasindikiza pulogalamu yonse pa mpukutu wa pepala n'kuifufuta mu kompyuta.

2 Novembala: $8 yapita

Ndimafuna kusunga makope pa laputopu kudzera pa pulogalamu ya ADTPro, imene imatumiza zinthu ngati phokoso kudzera pa timabowo ta kaseti kumbuyo kwa IIe. Mawaya awiri $8. Kulumikiza kwatheka nditavutika ndi voliyumu ola lathunthu, ndipo zimbale wamba zapita. Za MECC zakana, zolakwika zokhazokha. Chilolezo chokopera chija sichinali cha chisawawa: zimbalezi zili ndi chitetezo, ndipo mamembala ankakopera ndi pulogalamu ya MECC yomwe. Imeneyo m'katoni mulibe. Ndasiya kaye.

9 Novembala: ulusi wa ndalama

Mwana wandithandiza lero. Ndimafuna kusonyeza pa chikwangwani mtengo umene MECC inagulitsidwa nthawi iliyonse, ndiye tagwirizana kuti sentimita imodzi ya ulusi wofiira iimire $5 miliyoni. Ulusi $3.

Mu 1991 boma la Minnesota linagulitsa MECC ku North American Fund II, gulu la oika ndalama m'makampani, pa $5.25 miliyoni. Tadula kaulusi ka sentimita imodzi ndi pang'ono, kovuta n'kukagwira komwe. Mu 1994 kampaniyo inalowa pamsika wa masheya. Apa inali itayamba kuyang'ana m'mashopu, kwa makolo a makompyuta a kunyumba, ndi The Amazon Trail mu 1993, The Yukon Trail mu 1994, kenako mu 1995 Oregon Trail II ndi Africa Trail, ya ulendo wa panjinga wochokera ku Tunisia mpaka ku South Africa. Pa ndalama zokwana ngati $30 miliyoni zimene inkapeza pachaka, gawo limodzi mwa atatu linkachokera ku Oregon Trail. Ndiye mu Okutobala 1995 kampani ya mapulogalamu ya SoftKey inalengeza kuti ikugula MECC pa $370 miliyoni, kulipira ndi masheya.

Masentimita 74. Mwana anayang'ana kaulusi koyamba, anayang'ana kachiwiri, anatenga pensulo.

"Adadi, ndi ka 70. Zaka zinayi zokha. Ndiye boma linapusitsidwa?"

Ndinamuuza kuti omwe ankafuna kugulitsawo anali ndi mfundo yawo: boma lisamachite mpikisano ndi makampani, ndipo kampani ya boma imavutika kupeza ndalama zokulira. N'zoona kuti pakati pa 1991 ndi 1995 ma CD anafika m'nyumba za anthu ndipo msika unatupa. Komabe ine ndikayang'ana timaulusi tiwiriti, ndimaona ng'ombe imene inaweteredwa m'manja mwa boma zaka 18 n'kugulitsidwa ili ndi bere pamtengo wa mbuzi.

Za anyamata atatu aja ndaika pakhadi laling'ono pansi pake. Sanalandire gawo pa malonda a gemuyi. Mu 1995, pa mwambo wa MECC ku Mall of America ku Bloomington, anawaitana kutsogolo ngati oyambitsa n'kuwaveka majekete a jinzi.

16 Novembala: ma CD, ndi dzina lobwereka

Oregon Trail II yakana kulowa pa laputopu yanga ya masiku ano. Installer yake ndi ya 16-bit, ndipo Windows ya 64-bit siyendetsa zimenezo, kaya mudine chiyani. M'shopu ya zinthu zakale ndapeza laputopu ya Windows 98 pa $20. Inalibe chaja ndipo kabatire ka wotchi kanali katafa, zonse $11. Yalowa. Mitundu inali yosokonekera mpaka nditatsitsa sikirini pa mitundu 256.

Koma vuto lalikulu lero linali la makhadi. Pa CD ya 3rd Edition, ya 1997, pali dzina la The Learning Company, ndiye ndinali nditasindikiza kale khadi lakuti The Learning Company inagula MECC, ndi lina lofotokoza kuti kampani imeneyi inayamba mu 1980 ku California, ndi Ann McCormick, Leslie Grimm, Teri Perl ndi Warren Robinett, eni ake a magemu a Rocky's Boots ndi Reader Rabbit. Chilichonse pachokha n'choona, koma pamodzi zikunama. The Learning Company ya aphunzitsi ija nayo inamezedwa. Inali itagwirizana kale zophatikizana ndi kampani ina ya mapulogalamu, Broderbund, koma SoftKey inalowerera ndi mtengo woposa, n'kuitenga kumapeto kwa 1995 pa $606 miliyoni. Itatero inavula dzina lake n'kuvala la imene yagulayo. Choncho The Learning Company ya pa CD yangayi ndi SoftKey ya Kevin O'Leary, imene inayambira ku Toronto n'kudzakhazikika ku Cambridge, Massachusetts. Mu 1998 inagulanso Broderbund yomweyo pa ndalama zopitirira $400 miliyoni.

SoftKey inakula ndi ma CD otchipa oyalidwa pa mashelefu a mashopu akuluakulu, ndipo nzeru imeneyo inaipititsa ku mapulogalamu a ana: gula dzina lodziwika, tsitsa mtengo, chepetsa ogwira ntchito ndi ndalama zopangira zatsopano. Makolo anapindula pa mtengo, zimenezo sindikana. Koma taonani zimene zili patebulo panga. Chimbale chosindikiza cha m'ma 1980 chinabwera ndi buku la mphunzitsi la mapepala obowola, la mafunso ndi mapu okopera ana. CD yomaliza ili m'kabokosi ka pulasitiki ndi kapepala kamodzi.

Kusindikizanso makhadi $4. Pano ndisanasindikize ndimadzifunsa kuti dzinali likutanthauza anthu omwewo kapena ayi.

29 Novembala: ulusi watha

Tili pa tchuthi cha Thanksgiving. Pa tchuthi chomwechi mu 1974, zaka 50 zapitazo, Rawitsch, amene anali atalembedwa ntchito ku MECC chaka chimenecho, anatulutsa mpukutu wa pepala uja n'kutayipanso gemu yonse mzere ndi mzere. Anawerenganso mabuku amene apaulendo enieni ankalemba tsiku ndi tsiku, kuti mvula, matenda ndi ngozi zizigwa pamalo oyenera. Mu 1975 masukulu onse a pa kompyuta ya MECC anayamba kuisewera. Khadi limeneli linasowa malo, ndalipanikiza pakati pa 1973 ndi 1978.

Kenako ulusi womaliza. Mattel, kampani ya zidole za Barbie ndi Hot Wheels, inagula The Learning Company mu 1999 pa ndalama zopitirira $3.5 biliyoni. Mtengowu ndi wa gulu lonse, osati MECC yokha, ndalemba zimenezo pakhadi. Pa muyeso wathu uja ndi mamita 7. Chikwangwani ndi cha mita imodzi. Mwana anati tizungulitse chipinda, ndiye ulusi wachoka pa chikwangwani, wadutsa pamwamba pa makina ochapira, wazungulira paipi ya madzi otentha, ndipo watithera tisanafike. Talumikiza ndi wabuluu.

Chaka chomwecho cha 1999 maofesi a MECC ku Brooklyn Center anatsekedwa. Mattel inayamba kuluza ndalama zambiri m'miyezi yochepa, mkulu wake Jill Barad anatula pansi udindo mu Febuluwale 2000, ndipo chisanathe chaka chimenecho The Learning Company inaperekedwa kwa Gores Technology Group popanda ndalama ya pamanja, kungolonjezana gawo la phindu la m'tsogolo. Mwana anafunsa kuti pamenepo tidula ulusi wautali bwanji. Tangobaya pini yopanda kanthu.

Zotsala ndalemba pakhadi limodzi: Riverdeep ya ku Ireland inatenga mapulogalamu a maphunziro mu 2001, n'kudzaphatikizana ndi kampani yosindikiza mabuku ya Houghton Mifflin mu 2006. Dzina la The Oregon Trail likadali ndi moyo, linalowa mu World Video Game Hall of Fame ku Rochester, New York mu 2016, ndipo Gameloft inatulutsa yatsopano mu 2021. La MECC ndiye ayi. Ku Brooklyn Center ndimadutsako popita kuntchito, ndipo zaka zonsezi sindinkadziwa kuti ndikudutsa pamudzi pa kampani imeneyi.

3 Disembala: tanyamuka

Tepi sindinamate. Ndajambula mndandanda wa opambana ndi foni, basi.

Iyi ndi gemu ya 1985, imene gulu la R. Philip Bouchard ku MECC linaipanganso ndi zithunzi. Chaka ndi 1848, ulendo ndi wochokera ku Independence, Missouri kupita ku chigwa cha Willamette. Mwana anakana wa kubanki wa ku Boston wa $1,600, anasankha mlimi wa ku Illinois wa $400, akuti agogo ake ndi alimi. M'ngolo anaika mayina a m'nyumba muno. Ku shopu ya Matt anagula ng'ombe, zipolopolo zambiri, zovala zochepa. Pa mtsinje wa Kansas ndinamulangiza kuti alipire bwato, iye anati ndalama n'zochepa, anamata ngolo n'kuyandamitsa, ndipo anawoloka. Atawombera njati, gemu inamuuza kuti anganyamule mapaundi 100 okha a nyama. Anakwiya kwenikweni. "Ndiye yotsalayo ingowola? Bwanji osayanika?" Anafunsanso kuti anthu amene ngolozi zimadutsa m'dziko lawo nkhani yawo ili kuti, popeza kusukulu akuphunzira za a Dakota ndi a Ojibwe, eni nthaka a ku Minnesota kuno. Mu gemu iyi amangotulukira m'mbali mwa njira.

Tisanafike ku Fort Kearney sikirini inati pali manda pafupi, kodi mukufuna kuona? Anadina Y. Linali dzina la mwana wina wa m'kalasi muja, ndi mawu amene anadzilembera pa mwala wake, onena za pitsa, olakwika masipelo. Mwana wanga anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa kuti ameneyu pano ali ndi zaka zingati. Tinawerengera: akuyandikira 50.

Patangopita pang'ono, ine ndinadwala kamwazi n'kumwalira. Mayi akunyumba, amene anatsika kudzaitana anthu ku chakudya, anaseka mpaka kugwira khoma.

Ulendo sunathe. Gemu itapempha kuti titembenuze chimbale, mbali yachiwiri inawerenga pang'ono n'kuima. Ndayang'ana pa nyali: pali kamzere kozungulira pamene chuku chinadya, ndipo sopo sangabweze pamenepo. Mbali yachiwiri ya chosindikiza chija ikuoneka yoyera, ndiye Loweruka ndichidula jekete, ndichitsuke, ndiyese kuyamba ndi cha bolopeni n'kumalizira ndi chosindikiza. Zikakana chifukwa chosiyana version, ndiyamba kusaka pulogalamu yokoperera ya MECC.

Ndalama zonse mpaka lero ndi $176, kuphatikizapo $8 ya mawaya ndi $5 ya chip imene ndinawotcha ndekha. Drive yachiwiri yayamba kulira lamba. Njinga tagwirizana kuti idikire chipale chofewa chisungunuke.